Momwe mungagulire ndi kugwiritsira ntchito netbook yotchipa osakhumudwa nayo

Netbook ndi kalaputopu kopepuka, kolemera kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono, kamene kamalowa m'chikwama cha mabuku popanda kukakamiza. Zinayamba kutchuka mu 2007 pomwe kampani ya Asus inatulutsa Eee PC 701, ya sikirini ya mainchesi 7, RAM (malo omwe kompyuta imasungamo kwa kanthawi zomwe ikugwirapo ntchito) ya 512 MB ndi malo osungiramo zinthu a 4 GB basi. Chaka chotsatira Intel inabwera ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Atom, ndipo makampani anakhamukira komweko: Acer Aspire One, Samsung NC10, MSI Wind, HP Mini. Nyengo yake sinakhalitse. iPad inatuluka mu 2010, mafoni anayamba kukula ndi kuchita zambiri, ndipo pofika kumapeto kwa 2012 Asus ndi Acer anali atasiya kuzipanga. Koma zambiri zidakali moyo, zikugulitsidwa zakale, ndipo zili ndi zidzukulu zake: timalaputopu ta mainchesi 11 ngati HP Stream, tokhala ndi purosesa ya Celeron.

Amene amaitukwana netbook nthawi zambiri amakhala ataisenzetsa katundu wa laputopu yaikulu. Iyi ndi makina olembera, owerengera, otumizira maimelo ndi osungira maakaunti. Mukaikonzera ntchito imeneyo, imakutumikirani zaka. Nayi njira yake.

1. Dziwani purosesa musanatulutse ndalama

Musakopeke ndi kuwala kwa chivindikiro. Funsani dzina la purosesa, kapena liwerengeni nokha pa kompyutapo, chifukwa ndilo lingakuuzeni ngati mukugula chipangizo kapena chokongoletsera pa shelefu.

Atom N270 ndi N280 ndi za 2008 ndi 2009, ndipo ndi za 32-bit, kapangidwe kakale ka purosesa komwe kanalowedwa m'malo ndi 64-bit. Zimenezi n'zofunika kwambiri lero kuposa kale, popeza mapulogalamu ambiri anasiya kutulutsa mitundu ya 32-bit. Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, inasiya mu 2016 pa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe imaikidwa m'malo mwa Windows). Atom N450, N455 ndi N550 ndi za 64-bit, choncho zili ndi tsogolo lotalikirapo, ngakhale sizilandira RAM yoposa 2 GB. Atom N2600 ndi N2800 zimaoneka zatsopano poyerekeza, koma gawo lake loyendetsa zithunzi silimvana bwino ndi Linux, ndiye ngati mukuganiza zoikamo Linux, muzilambalale.

Timalaputopu tatsopano ta Celeron n'tachangu kuposa zonsezi, koma tili ndi msampha wake. RAM yake nthawi zambiri anaiwotcherera pa bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta, ndipo chosungira zinthu ndi eMMC, nachonso chowotcherera. Mukagula ya 2 GB ndi 32 GB, mudzakhala nazo zomwezo mpaka idzafe. Ngati mungathe, yang'anani ya 4 GB ndi 64 GB.

2. Iyeseni ili m'manja mwanu

Tsegulani pulogalamu yolembera mudinde batani lililonse, limodzilimodzi. Kiyibodi ya netbook ndi yopanikizana kuposa ya laputopu wamba, ndiye lembani ndime yathunthu muone ngati zala zanu zikukwanamo. Munthu wa zala zikuluzikulu adziwiretu pano, osati atafika kunyumba. Tsegulani ndi kutseka chivindikiro kangapo mukuyang'ana sikirini. Ikamaphethira kapena kusintha mtundu, waya wa m'mahinji watha. Lowetsani fulashi m'mabowo onse a USB. Lumikizani Wi-Fi. Kenaka zulani chaja muone ngati ikhalabe yoyaka, ndipo dikirani mphindi khumi mukuyang'ana momwe batire ikutsikira.

Onaninso tsiku ndi nthawi zomwe ikuonetsa. Ikamabwerera ku chaka chakalekale nthawi iliyonse mukaizimitsa, kabatire kakang'ono ka pa bolodi kafa. Si vuto lalikulu, kamasinthika, koma likasiyidwa limazunguza mutu: masamba a intaneti amakana kutseguka n'kumadandaula za chitetezo, inu n'kumaganiza kuti vuto ndi netiweki, chikhalirecho ndi wotchi yolakwika.

3. Zinthu ziwiri zoyenera kusintha

Pa netbook yakale ya Atom, ndalama yoonjezera ipite pa RAM ndi SSD (chosungira zinthu cholowa m'malo mwa hadidisiki), osati kwina.

Zambiri zinkabwera ndi RAM ya 1 GB. Ikwezeni ifike 2 GB. Muli kagawo kamodzi kokha koikamo, ndiye mukuchotsa yakale n'kuikamo yaikulu, osati kuphatikiza ziwiri. Za N270 ndi N450 zimafuna DDR2, pomwe za N455 ndi N550 zambiri zimafuna DDR3. Chotsani yakaleyo muwerenge zolembedwa pa chomata chake musanagule ina. Mitundu ina ili ndi kachitseko kunsi komasula ndi sikuluu imodzi kapena ziwiri, ina muyenera kuchotsa kiyibodi kaye. Zulani chaja, chotsani batire, ndipo gwirani chitsulo chinachake musanakhudze zam'kati kuti magetsi a m'thupi asawononge kanthu.

Kusintha kumene mungakumve kwenikweni ndi kwa SSD. Hadidisiki yakale ili ndi mbale zozungulira ndi kasingano kowerenga, ndiye imachedwa, ndipo imawonongeka msanga ikagwedezeka. Pa kompyuta yoyenda nayo tsiku lililonse, chimenecho ndi chiopsezo chenicheni. SSD ilibe chozungulira. Netbook zambiri za mainchesi 10 zimalandira SSD wamba ya SATA ya mainchesi 2.5, ndipo ya 120 GB ndi yokwana ndithu. Purosesa ikhalabe yomweyo, koma kuyaka ndi kutsegula mapulogalamu kumafulumira moti mungaganize kuti mwasinthitsa makina. Ma Eee PC oyambirira ndi netbook zina zoyambirira zili ndi chosungira cha mtundu wina, chomwe sichilowana ndi SATA wamba.

4. Windows kapena Linux?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Netbook yakale nthawi zambiri inkabwera ndi Windows XP kapena Windows 7 Starter. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za XP pa 8 April 2014, za Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo nthawi yokhazikika ya Windows 10 inatha pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna purosesa ya 64-bit yatsopano, RAM ya 4 GB, malo a 64 GB ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiye pa Atom yakale musavutike n'komwe.

Windows yakale mukhoza kuisiya ngati kompyutayo sidzakhudza intaneti, mukungolemberapo ndi kusindikiza. Koma kulowa nayo mu imelo kapena ku banki kuli ngati kugona chitseko chili pululu.

Ine ndimalangiza Linux yopepuka. Pa makina a 32-bit, antiX ndi yomwe yakhala ikusamalira makompyuta okalamba, ndipo imadya RAM yochepa zedi. Ubuntu ndi Linux Mint yaikulu anasiya 32-bit kalekale, ndipo Debian 13, yomwe inatuluka mu 2025, ilibenso choikira cha 32-bit. Pa makina a 64-bit muli ndi ufulu wochulukirapo: antiX yomweyo, Lubuntu, kapena Debian yokhala ndi maonekedwe opepuka a Xfce kapena LXQt. Maonekedwe ake si achilendo kwambiri. Pali menyu pakona, mafoda, ndi mawindo otseguka ngati mmene munazolowerera.

5. Kuika Linux

Netbook ilibe poika CD, ndiye zonse zimadutsa pa fulashi.

Yambani ndi kukopera mafayilo anu onse kwina, chifukwa kuika kumafufuta zonse. Pa kompyuta ina, tsitsani fayilo yoikira Linux, yotchedwa ISO, kuchokera pa tsamba lenileni la Linux yomwe mwasankha, muonetsetse kuti mwatenga ya 32-bit kapena 64-bit molingana ndi purosesa yanu. Ilembeni pa fulashi ya 4 GB kapena kuposa pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher. Kungoikopera ngati fayilo wamba sikugwira ntchito.

Lowetsani fulashi mu netbook, yatsani, ndipo nthawi yomweyo dindani batani losankhira poyambira. Pa Asus kawirikawiri ndi Esc, pa HP ndi F9, pa Dell ndi Acer ndi F12. Ikakudutsani, zimitsani muyambirenso, palibe chomwe chawonongeka.

Musathamangire kuika. Linux imayamba yayenda kuchokera pa fulashi pomwepo osakhudza zam'kati, ndipo mpata umenewu ndi wofunika. Yesani Wi-Fi, mawu, kamera, kuwala kwa sikirini ndi mabatani a Fn. Wi-Fi ikakana, nthawi zambiri chimasowa ndi kapulogalamu koyendetsera khadi lake, makamaka la Broadcom. Lumikizani foni pa USB, yatsani kugawa intaneti kudzera pa waya, ndipo mutsitse chosowacho. Zonse zikayenda, pamenepo dindani kuika, mutsate mafunso a chilankhulo, nthawi ndi pasiwedi.

6. Wetani browser

Chomwe chimagwetsa netbook si kulemba kalata kapena kuwerengera ndalama mu spreadsheet. Ndi browser, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti. Masamba a intaneti a lero ndi olemera kwambiri kuposa a 2009, odzaza ndi zotsatsa malonda, mavidiyo odziyambira okha ndi timapulogalamu tobisika totsata zomwe mukuchita. Tabu iliyonse imadya gawo lake la RAM, ndipo 2 GB ikadzaza kompyuta imayamba kulembera zinthu pa disiki, n'kuuma ngati yafa.

Ikani browser ya Firefox ndi uBlock Origin, chotchinga zotsatsa, tsiku loyamba lomwelo. Pa kompyuta yamphamvu chotchinga zotsatsa n'chongosangalatsa, koma pa netbook ndicho chimasiyanitsa tsamba lotseguka ndi losatseguka. Zolowerani matabu awiri kapena atatu, osapitirira. Zimitsani kudziyambira kwa mavidiyo. Imelo muziwerengera mu pulogalamu yake ngati Claws Mail kapena Thunderbird m'malo mwa tsamba la intaneti, ndipo mudzapindulanso kuti makalata akale aziwerengeka ngakhale kulibe netiweki.

YouTube pa Atom yakale iikeni pa 360p kapena 480p. Chodabwitsa n'choti vidiyo yomwe ikudukaduka mu browser nthawi zambiri imayenda bwino mukaitsitsa n'kuionera mu VLC kapena mpv. Misonkhano ya pa vidiyo ngati Zoom ipangireni pa foni, ndipo netbook ikhale pambali yolembera mfundo. Foni yanu mwina ili ndi mphamvu kuposa kompyutayi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chomwe foni ilibe ndi kiyibodi.

Polemba, LibreOffice imayenda bwinobwino ikatseguka, ndipo imasunga mafayilo m'mitundu ya Word ndi Excel. Ikakulemerani, AbiWord ndi Gnumeric n'zopepuka kwambiri.

7. Kukhala ndi sikirini yaing'ono

Sikirini ya netbook yakale ndi ya 1024 kwa 600, ndipo vuto ndi kutalika kwa 600 kumeneko. Mawindo ena amatuluka aatali moti batani la OK limabisala kunsi. Pa Linux, gwirani Alt n'kukoka windo ndi mbewa kuchokera paliponse, likwera m'mwamba batani n'kuonekera. Mu browser, F11 imachotsa zonse za m'mphepete, ndipo Ctrl ndi chizindikiro chochotsera imachepetsa tsamba kuti likwane. Mzere wa pansi uikeni kuti uzibisala wokha. Mukakhala pa tebulo, lumikizani sikirini yaikulu pa bowo la VGA kapena HDMI, muonjezere mbewa ya USB. Khosi ndi maso zidzapuma.

8. Batire, kutentha ndi ulendo

Mabatire a netbook zakale ali pawiri: a maselo 3 ndi a maselo 6. Wa 6 amatuluka pang'ono kumbuyo kapena kunsi, koma amakhalitsa pafupifupi kawiri. Posintha, tsatani nambala yolembedwa pa batire lakale. Kuti mudziwe thanzi lake, pa Windows 8 kupita m'tsogolo lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt (windo lolembamo malamulo), ndipo pa Linux gwiritsani ntchito upower, kenaka yerekezani mphamvu yomwe linali nayo likali latsopano ndi yomwe likusunga lero.

Kuwala kwa sikirini ndiko kumadya kwambiri, ndiye kutsitseni. Zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth mukamangolemba. Batire la lithiamu limadana ndi kutentha komanso kulisiya litatheratu kwa masabata. Mukaona latupa, kapena kiyibodi yayamba kudzuka pakati, lekani kuligwiritsa ntchito pomwepo, ndipo musaliboole kapena kuliponya pamoto.

Netbook osaiika pa bulangeti kapena pilo, mpweya umalowera kunsi. Fani ikamalira mosalekeza, fumbi ladzaza, lipemerereni lichoke kompyuta itazima. M'chikwama ikhale m'kathumba kofewa, chaja chili m'thumba lina, chifukwa pulagi yopanikizidwa pa chivindikiro ndiyo imaswa masikirini ambiri. Ndipo poinyamula gwirani thupi lake, osati sikirini, popeza mahinji apulasitiki a zaka khumi ndi kuposa sachedwa kuthyoka.

9. Mafayilo asakhale malo amodzi

Kompyuta yaing'ono imaiwalika pa mpando, imabedwa mosavuta, imagwa. Pafupifupi netbook iliyonse ili ndi poika khadi ya SD, ndipo pa ija ya eMMC ya 32 GB khadi imeneyi ndiyo ingasenze zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo kuti disiki yam'kati ipume. Koma khadi yokhala m'kompyuta momwemo imapita limodzi ndi kompyutayo ikasowa. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kopererani foda ya zolemba zanu pa fulashi yomwe imatsala kunyumba, ndipo zofunika kwambiri muzidzitumizira pa imelo kapena muziike pa Google Drive kudzera mu browser. Ikaninso pasiwedi yolowera, ndipo muikonze kuti izifunsa pasiwediyo nthawi iliyonse mukatsegula chivindikiro.