Momwe mungayambire kupanga nokha galimoto yothamanga pakhomo panu

Anthu akhala akundiimitsa pa Mpondabwino komanso kunditumizira mameseji kufunsa za kagalimoto kofiira kopanda denga kaja, kamipando iwiri, kuti ndinakagula kuti. Sindinagule abale anga, ndinakapanga ndekha kuseri kwa nyumba ku Matawale kuno ku Zomba, zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, ndiye ndati ndilembe pano kamodzi kuti amene mtima ukumuwawa ngati mmene unkandiwawira ine adziwe poyambira.

Kapangidwe kake si nzeru zanga ayi. Ndi kotengera Lotus Seven imene Colin Chapman anatulutsa ku England mu 1957, ndipo inkagulitsidwanso ili zidutswazidutswa kuti wogula akalumikize yekha kunyumba. Mu 1973 a Caterham anagula ufulu wopanga galimotoyi ndipo mpaka lero akupangabe, ku South Africa nako a Birkin anayamba kupanga yofanana nayo. Ngati thumba lanu ndi lolemera mutha kuitanitsa kiti yathunthu, koma muwerengeretu ya thiransipoti, msonkho wa pa boda ku Mwanza ndi vuto la foreksi lija. Ine ndinali nditafunsa kale mitengo, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinadziwiratu kuti njira imeneyo yatsekeka basi. Ndiye ndinatsata njira imene anzathu kunja amaitcha Locost, shasi (felemu yazitsulo imene zonse zimamangiriridwapo) umawotcherera wekha potsatira pulani, zina zonse umachotsa pa galimoto yakale. Mapulani ake ali pa intaneti, sankhani imodzi muipulinte ndipo musamasakanize miyeso ya mapulani awiri.

Choyamba, musanagule ngakhale bawuti imodzi pitani ku Road Traffic mukafotokoze zimene mukufuna kuchita, akuuzeni zimene adzafune kuona pa tsiku lolembetsa ndi lopanga COF. Malisiti onse muzisunga mu envulopu imodzi ndipo muzijambula ntchito yanu pa foni sitepe iliyonse.

Kenako galimoto yopereka ziwalo. Apa lamulo ndi limodzi, ikhale yokankha ndi matayala akumbuyo. Ma Vitz, ma Sienta ndi ma Corolla atsopanowa amakoka ndi akutsogolo, injini inagona chopingasa, sizingatheke pa shasi imeneyi pokhapokha mukufuna kudzipatsa ntchito ina yaikulu. Azungu amakonda Ford Sierra, Escort yakale kapena Mazda MX-5, koma kwathu kuno yosavuta kupeza ndi ka Nissan 1400 kaja ka bakkie, kapena Corolla KE70 ngati mwachita mwayi. Ine ndinatenga 1400 chifukwa anakapanga ku South Africa mpaka 2008 ndiye masipeya ake sasowa, ku Ndirande ndi ku Limbe mupeza, ndipo injini yake ya A14 makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa. Mphamvu zake si zambiri koma kumbukirani kuti galimoto yonse ikatha imangopitirira theka la tani pang'ono, ndiye imanyamuka bwino kwambiri. Musagule yooneka bwino, funani imene bodi inadyeka ndi dzimbiri koma injini ikulira, giyabokosi sikulumpha magiya ndipo difu (magiya a pakati pa ekiselo yakumbuyo) sikulira ngati chigayo. Yanga ndinaipeza cha ku Songani itakhala pa njerwa nkhuku zikuikira mazira mkati. Chofunika kwambiri ndi blue book ndipo nambala ya pa injini igwirizane ndi ya pa pepala. Pali anyamata ena amakupatsa mtengo wotsika kwambiri kenako nkumati mapepala abwera mawa, mukayang'ana pa injini mupeza pamene pamakhala nambala papalidwa ndi gilayinda. Thawani, imeneyo ndi milandu.

Mukaphwasula chotsani injini, giyabokosi, propshaft (paipi yotenga mphamvu ku giyabokosi kupita ku difu), ekiselo yakumbuyo yonse, mahabu akutsogolo, mapedulo, handibuleki ndi mawaya onse, waya uliwonse muumate kapepala kolemba kumene umapita. Bodi yotsalayo gulitsani kwa ogula zitsulo, ine ndalama yake ndinagulira marodi.

Zitsulo za shasi ndi square tube ya 25 mm, makulidwe ake 1.6 mm. Popita kogula tengani vaniya yanu (kachida koyezera makulidwe a chitsulo) m'thumba, musachite manyazi. Pa shopu ina ku Blantyre, sinditchula dzina, anandilembera pa lisiti 1.6 koma nditafika kunyumba nkuyeza inali 1.2, ija amapangira mawindo ndi mipando, ndipo atamva kuti ndadulako kale imodzi anakana kubweza. Yezani ali pomwepo akuona. Ya galavanaizi musagule, utsi wake powotcherera umadwalitsa. Zida zina mukudziwa kale, gilayinda, madisiki ambiri, sikweya, tepi, levulo, makilampu osachepera asanu ndi atatu.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi muwerenge bwinobwino chifukwa ndi pamene ine ndinataya miyezi inayi ndi zitsulo zonse za shasi yoyamba.

Pulani imanena kuti shasi imangidwe pa tebulo lathyathyathya. Ine ndinaona ngati kutaya ndalama kugula bolodi yatsopano, ndinati khonde langa ndi la simenti yosalala, ndingojambula mizere pansi ndi choko. Chimene sindinachiganize nchakuti amisiri amapendeketsa dala khonde kuti madzi a mvula azitsetsereka, ndipo langalo linali lopendekekanso mosiyana ngodya ziwiri. Ndi maso simungaone. Vuto lachiwiri linali changu. Tsiku limenelo magetsi anayaka m'mawa ndipo tinkadziwa kuti sakhalitsa, ndiye ine ndi m'bale wanga wina amene amawotcherera mageti tinati tiyeni tigwiritse ntchito mpata, tinawotcherera mbali yonse ya kumanzere kumaliziratu joini iliyonse kuzungulira, kenako nkupita kumanja. Chitsulo chikapsa chimafutukuka, chikamazizira chimakhwinyata nkukokera mbali imene mwawotcherayo, ndiye joini iliyonse inakoka pang'ono, pang'onopang'ono pamenepo nkuphatikizana. M'bale wangayo ndi katswiri ndithu pa ntchito yake, koma geti likapotoka ndi mamilimita asanu palibe amaona, galimoto ikapotoka choncho tayala limodzi limanyamula katundu wochepa kuposa anzake ndipo mukaponda buleki imakokera mbali.

Sindinazindikire msanga. Ndinapitiriza, kuika zitsulo zam'mwamba, kupanga malo a giyabokosi, mpaka tsiku limene ndinainyamula kukaiika pa simenti ya pabalaza pofuna kuyesa mipando. Inkagwedera ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi, ngodya yakumbuyo kumanja chala changa chinkalowa pansi pake. Nditayeza chopingasa kuchoka ngodya ina kupita ina mbali zonse ziwiri, kusiyana kunali 14 mm. Usiku umenewo sindinagone. Tinayesa kuiwongola ndi tcheni ndi jeke titaimangirira ku mtengo wa mango, inabwerera pang'ono koma joini ziwiri zinang'aluka, ndipo pamenepo ndinadzifunsa ngati ndingakweze mwana wanga m'chinthu chimenechi nkutsika naye phiri la Zomba. Ndinatenga gilayinda nkuidula yonse.

Ndiye chitani chonchi. Gulani bolodi yokhuthala ya 2.4 m kwa 1.2 m, muikhomere pa felemu ya matabwa ouma bwino kapena ya zitsulo, matabwa aawisi a paini amapindika akamauma ndiye samalani. Ikani levulo m'litali, m'lifupi ndi chopingasa, miyendo muiikire tizitsulo pansi mpaka kathovu kakhale pakati paliponse. Jambulani mzere wapakati ndipo miyeso yonse izichokera pa mzere umenewo osati m'mphepete mwa bolodi. Chitsulo chilichonse muchipanikize ndi timatabwa tokhomera mbali zonse ziwiri. Dulani bwino kuti zitsulo zikumane popanda mpata, mpata waukulu ndi umene umakoka kwambiri. Kenako dontheza dontheza basi, kungogwiritsa, shasi yonse iime ndi madontho okhaokha, mukaika zitsulo ziwiri zitatu yezani chopingasa, mbali ziwiri zikasiyana kupitirira mamilimita awiri dulani dontho mukonze nthawi yomweyo. Zikakhala bwino ndi pamene muyambe kumaliza, joini imodzi kumanzere kutsogolo, ina kumanja kumbuyo, kudumphadumpha choncho, muzilekeza kuti chizizire mpaka mutha kugwira ndi dzanja. Osathira madzi. Magetsi akazima mwasiyira pakati palibe chaonongeka, mawa ndi tsiku. Yachiwiriyi inanditengera masabata atatu ndipo kusiyana kunali 1 mm.

Za makina owotcherera, MIG (yogwiritsa waya ndi gasi m'malo mwa marodi) ndiye yabwino pa chitsulo chopyapyala chotere. Ya marodi imene ili paliponseyi imaboola msanga, ngati ndi yokhayo muli nayo gwiritsani marodi ang'ono a 2 mm, tsitsani moto, ndipo muyambe mwaphunzira pa zidutswa, kuwotcherera kenako kumenya ndi hamala pa vaisi. Chizipindika chitsulo, joini isathyoke. Mawishiboni (mikono yazitsulo yolumikiza matayala akutsogolo ku shasi) ndi mabulaketi ake ine ndinapereka kwa munthu wa MIG ku Limbe ndipo ndalama imeneyo sindidandaula nayo.

Shasi ikatha zinazo ndi kulumikiza. Pentani kaye pulaima dzimbiri lisanayambe, chinyezi cha kuno ku Zomba sichichedwa. Ekiselo yakumbuyo mumachotsa masipuling'i a bakkie aja nkuwotcherera mabulaketi atsopano, mahabu akutsogolo a 1400 ndi a strut (amagwirana ndi shoko m'mwamba osati wishiboni) ndiye amafuna kachitsulo kosula pa lefu (makina osulira zitsulo) kuti agwirane ndi wishiboni yam'mwamba, propshaft ikafupikitsidwe ndi kubalansidwa kwa odziwa. Injini muikweze pang'ono kuposa mmene pulani ikunenera chifukwa mahampu a mumsewu wa Blantyre angakuphwanyireni sampu, mbale ya oyilo ya pansi pa injini, ine ndinaikanso chitsulo chotchinga pansi. Mbali zake ndi malata a aluminiyamu ndi marivetsi, mphuno ndi madigadi ndinaumba ndi faiba. Mawaya ngati munamata mapepala aja ndi ntchito ya masiku awiri.

Mapaipi a buleki ikani atsopano onse, malamba a mipando atsopano, ndi chitsulo chotchinga mutu kumbuyo kwa mipando, chimenechi chikhale paipi yokhuthala osati square tube ija. Mapepala akatuluka musathamangire ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba tsiku loyamba, yambani mwazungulira pamalo athyathyathya m'mawa kulibe anthu ndi makabaza, pondani buleki kangapo muone ngati ikukokera mbali, mukabwerako gwirani sipanala mumangenso bawuti iliyonse ya ku matayala ndi ku chiwongolero.