Mmene mungalembere uthenga wa vuto mu pulogalamu ya C

Sabata yatha kuntchito kwathu ku Braamfontein, mu Johannesburg, kapulogalamu kanga kokopera mafayilo kanakana kukompaila titakasamutsira pa Alpine, mtundu wina wa Linux. Pa Linux ya Ubuntu kankayenda bwinobwino. Wolakwa ndinali ine ndemwe: polemba uthenga wa vuto ndinagwiritsa ntchito error() ya mu error.h, yomwe ndi ya glibc (laibulale ya C ya pa Ubuntu), pomwe Alpine imayendera laibulale ina yotchedwa musl, ndipo musl ilibe imeneyo.

Ndiye abale, chitani chonchi. Uthenga upite ku stderr (njira ya mauthenga a vuto), osati ku stdout (njira ya zotuluka zanthawi zonse). Yambani ndi dzina la pulogalamu, kenako dzina la fayilo, pomaliza strerror(errno), yomwe imafotokoza m'mawu nambala ya vuto yosungidwa mu errno, ngati mmene imachitira pulogalamu ya cat: "cat: malipiro.txt: No such file or directory". Munthu wa pa terminal anazolowera maonekedwe amenewa, musamusokoneze.

Sungani errno mu variable nthawi yomweyo, chifukwa function ina ikhoza kuisintha musanailembe. Kenako tulukani ndi exit(1), posonyeza kuti pulogalamu yalephera.

Nanga err() ndi warn() za BSD, mtundu wina wa Unix? Ndimazikonda, zimafupikitsa ntchito, zilipo pa macOS, glibc ngakhalenso musl. Koma mu POSIX, muyezo womwe ma Unix amatsata, mulibe. Ine ndinangolemba ka function kanga ka mizere 8 ndi vfprintf, n'kukaika mu fayilo imodzi. Alpine inavomera tisanapite ku nkhomaliro.