Wina akatuluka kundende ya Maula n'kubwerera m'dera mwanu, muzitere

Anzanga a ku Kawale, Chinsapo, 25 konseko, mukamva zoti uje watuluka ku Maula kapena ali pa belo musathamangire kuponya chithunzi chake pa gulupu ya WhatsApp ayi, mawa anyamata amuotcha ndi matayala ndiye mlandu ukupezani inuyo. Yambani mwaonana ndi amfumu kaye, iwowo alumikizane ndi a community policing kupolisi yakwanuko. Wa belo amakhala ndi malamulo ake, ena amauzidwa kuti azikasaina kupolisi, ndiye akayamba kuopseza mboni kaneneni changu. Pagulupu paja lembani zomwe mwaona ndi maso anu, nthawi ndi malo, zama "akuti akuti" zija ndi zomwe zimadanitsa maneba. Usiku wezulo ikalira musatuluke nokha, dzutsanani kaye, wina aimbire apolisi pa 997.