Lekani kufinya juwisi wa star fruit zaziwisi

Chaka chino ndaona mabotolo a juwisi wobiriwira m'manja mwa ana, ndipo nditafunsa anandiuza kuti ndi wa star fruit, chipatso chija chimene ukachidula chimaoneka ngati nyenyezi. Anthu ena abzala mitengoyi kuseri kwa nyumba, ndipo ndi bwino. Chondidandaulitsa ndi chakuti akuthyola zipatso zisanapse, monga tinazolowera kugenda mango anthete, nkufinya madzi ake osawasungunula nkomwe.

Kuwawasa kumene kumachititsa mano dziru kuja ndi asidi wotchedwa oxalic. Amachuluka m'chipatso chachiwisi, makamaka cha mtundu wowawasa, ndipo amachepa chikamapsa. Ndi waukali moti ku Asia, kwawo kwa mtengowu, madzi ake amatsukira ziwiya zamkuwa. Asidiyu akalowa m'magazi amagwirana ndi kashiamu nkupanga timiyala tosasungunuka, timene timatseka tinjira tosefera mkodzo mu impso. Ku Taiwan madokotala analandirapo anthu amene impso zawo zinali zabwinobwino, koma zinaleka kugwira ntchito atamwa juwisi wowawasayu wambiri m'mimba mulibe kanthu. Nanga mwana wochokera kusukulu dzuwa likuswa mtengo, thukuta kamukamu, osadya chilichonse, nkugugudiza botolo lonse?

Bambo wina anandiyankha kuti, "Alangizi, tikadikira zimagwa zokha nkuwola, ndiye tidye chiyani?" Anandionetsa ndowa yodzaza, zonse zobiriwira ngati masamba, mkazi wawo ali pambali ndi sefa ndi shuga. Shugayo amangobisa kuwawasa, asidi ali momwemo. Ndinawafunsa ngati ndalama ya ndowa imodzi ingafikitse munthu ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth kukatsukidwa magazi pa makina sabata ndi sabata. Anangoti zii.

Kwa odwala impso nkhani ndi ina. M'chipatsochi muli poizoni winanso, caramboxin, amene akatswiri a ku Brazil anamuzindikira mu 2013. Impso zofooka sizimutulutsa, ndipo amakafika ku ubongo: chidikwidikwi chosatha, kusanza, kubalalika mutu, kukomoka, ena kumwalira kumene. Amenewa asalawe ngakhale chakupsa.

Dikirani chipatso chisanduke chachikasu, m'mphepete mwa nthiti zake muyambe kuderako. Juwisi muthire madzi ambiri, mumwe pang'ono mutadya kale. Wina akayamba kupweteka m'chiuno, kusanza kapena mkodzo kuchepa, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene chimene wamwa.