Mwana wangoti ndwii mayeso akayandikira? Musamulande mpira

Makolo anzanga, pali chinthu chomwe ambirife timachita mayeso a MANEB akayandikira, timamuletsa mwana kupita ku bwalo, amvekere "mpirawo udzasewera ukalemba mayeso." Inenso ndinachita zomwezo ndi mwana wa achemwali anga yemwe ndimakhala naye, teremu yonse yachiwiri ya fomu 4 sanapondeko ku mpira, ndipo chomwe ndinaona chinandiopsa, mnyamata anasiya kugona bwino, kankhani kakang'ono wapsa mtima, kumangoti ndwii pa tsamba lomwelomwelo ola lathunthu, ukamufunsa akuti mutu ukundiwawa aunt. Nditamulola kubwerera kwa anzake sipanathe mwezi ndinayambanso kumumva akuseka ndi azibale ake kukhitchini. Ndiye ndati ndikuuzeni mmene mungachitire, poti ana athu ambiri akuvutika maganizo mwakachetechete, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la m'maganizo.

Choyamba mumvetse chomwe chimachitika m'thupimu. Munthu akathamanga mpaka thukuta kutuluka, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa endorphin tomwe timapepukitsa mtima, kupanikizika kuja kumatsikako, ndipo usiku tulo timabwera msanga. Nkhani ya tuloyi ndi yaikulu kwambiri chifukwa wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo zomwe wawerenga masana zimakhazikika m'mutu akagona. Ndiye mwana amene akuwerenga mpaka 1 koloko usiku mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti asawodzere, kenako kudzuka 4 koloko, ameneyo akungodzizunza.

Nthawi yochita masewerawa ndi yochuluka bwanji? WHO imati ana a zaka 5 mpaka 17 azipeza mphindi pafupifupi 60 patsiku zochita zinthu zomwe mtima umagunda mofulumira ndi kupuma mwawefuwefu. Musachite mantha ndi 60 imeneyo, sikuti zonse zichitike nthawi imodzi ayi. Mphindi 20 kuyenda ndawala popita kusukulu, 30 za mpira madzulo, 10 kulumpha chingwe kuseri kwa nyumba, zakwana. Ngati mwana anasiya kalekale yambani ndi mphindi 15 basi, muziwonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Palibe za jimu apa, palibe za nsapato zodula, ife tinakula ndi mpira wachikulunga wa majumbo ndipo thukuta lake ndi lomwelo.

Mmene mungayambire nkhaniyo ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mwana amene wakhumudwa mukamuuza kuti "iwe ndiwe waulesi, tadzuka ukathamange" mwatseka chitseko. Ine chomwe chinandithandiza ndi kumupempha kuti andiperekeze, "tiye undiperekeze kumsika ukandinyamulire thumba", tikuyenda wapansi mmalo mokwera kabaza. Poyenda simuyang'anizana maso ndi maso, ndiye mwana amamasuka, zomwe sakanatha kunena mutamukhazika pa mpando pabalaza amaziyamba yekha panjira. Tsiku loyamba mwina sanena kanthu, musamukakamize, mawa mupitenso.

Kenako mulekeni asankhe yekha chomwe amakonda. Wina ndi mpira wamiyendo, wina netibo, wina njinga, wina kuvina ku kwaya ya achinyamata kutchalitchi, wina sakonda gulu amangofuna kuthamanga yekha m'mawa. Koma ngati n'kotheka mulimbikitseni zochita ndi anzake, chifukwa theka la mankhwalawa ndi anthu, kukhala ndi timu yomwe ikudikira iweyo, yomwe ukajomba imabwera kudzafunsa kuti aise dzulo unali kuti. Mwana amene akudziona ngati wopanda ntchito zimenezi zimamudzutsa. Mukapeza mnzake mmodzi yekha wodalirika woti azidzamutenga pakhomo 4 koloko, mwamaliza ntchito yaikulu.

Pa atsikana ndiimepo pang'ono chifukwa zimandipweteka. Mtsikana akangotha msinkhu timamuuza kuti wakula, asamadumphedumphe, fulaye ndi ya ana, ndipo akaweruka kusukulu ndi mbale, madzi, nkhuni, kuphika, pamene mchimwene wake ali ku bwalo. Ena mudzati nanga kutunga madzi ndi kusinja si masewera olimbitsa thupi? Thupi limagwiradi ntchito, sindikukana, koma mtima supuma, palibe kuseka, palibe anzake, ndi udindo basi. Gawani ntchito zapakhomo kuti naye apeze ola lake, mnyamata atsukeko mbale sizimupha. Mugulireni kabudula kapena thalauza loti azimasuka nalo, mapadi akhalepo, ndipo akakhala kumwezi ngati iye akumva bwino palibe choletsa, kuyenda ndi kudziwongola kumachepetsako ngakhale kupweteka kwa m'mimba. Kafukufuku wa WHO wa 2019 anapeza kuti padziko lonse atsikana 85 mwa 100 aliwonse sachita masewera okwanira, anyamata ndi 78. Komatu taonani Temwa Chawinga, mtsikana wa ku Rumphi, mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current, kuposa wina aliyense. Si mwana aliyense adzafike pamenepo koma aliyense ayenera kupatsidwa bwalo.

Chinthu china, musasandutse masewera kukhala chibalo. Zomuthamangitsa mwana kuzungulira nyumba poti walakwa, kapena kumulanda mpira poti wakhoza pang'ono masamu, zimamuphunzitsa kudana ndi chinthu chomwe chikanamuthandiza. Ngati mukufuna kuchepetsa china chake chepetsani foni usiku, igone kuchipinda kwanu ikamakwana 9 koloko. Ndipo akaluza masewero musamuseke, mufunseni ngati wasangalala.

Zing'onozing'ono izi musaiwale, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo azisewera m'mamawa kapena kuyambira 4 koloko, atenge botolo la madzi, asapite ndi njala, mbatata kapena nthochi imodzi ikwanira. Adzibwera kusanade. Mudziwe amene akuwaphunzitsa mpirawo, makamaka ngati ndi wamkulu amene amakhala yekha ndi ana. Mwana wa mphumu, khunyu kapena vuto la mtima, yambani mwafunsa kuchipatala kuti akuuzeni zomwe angathe.

Tsopano mvetserani bwino apa, si zonse zomwe mpira ungachize. Mukaona kuti papita masabata awiri kapena kuposa mwana sakudya, sakugona kapena akungogona, wasiya zonse zomwe ankakonda ngakhale mpira womwewo, akudzicheka, wayamba mowa kapena chamba, kapena wanena mawu ngati "bola ndingofa", musadikire ndipo musamukalipire kuti akufuna kutchuka. Khalani naye pafupi, chotsani mankhwala a mbewu ndi mapilisi pamalo ofikirika, mupite naye kuchipatala cha boma tsiku lomwelo mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli zipatala za St John of God, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, komanso pali nambala yaulere ya ana ya 116 yomwe mwanayo angathe kuimba yekha ngati akuchita manyazi kulankhula ndi inu. Mulembereni kuchikuto kwa kope lake lero.