Khoma la kwale limayamba kuchenjeza kumwamba

Anthu ambiri ogwira ntchito pa kwale amaliyang'ana khoma ali pansi, nkunena kuti lili bwinobwino. Koma thanthwe likafuna kugumuka limayamba kung'aluka pamwamba, kuseri kwa m'mphepete, komwe munthu ali m'dzenje sangaone. Choncho m'mawa, anthu asanalowe, kapitawo akwere kaye akayende kumtundako. Ayang'ane mng'alu woyenda motsatana ndi khomalo, kapena dothi limene latsika pang'ono nkusiya kasitepe.

Mukaupeza mng'alu, musadalire maso okha. Khomani zikhomo ziwiri, china mbali iyi china mbali inayo, ndipo tsiku lililonse muziyeza mpata wake ndi tepi nkulemba m'buku. Chofunika kwambiri si kukula kwa mng'aluwo ayi, koma liwiro lake. Ngati lero wakula mofulumira kuposa dzulo, mawa nkuposanso lero, chotsani anthu ndi makina pansipo nthawi yomweyo. Kukambirana kudzabwera pambuyo.

Kenako onani momwe mizere ya m'thanthwe yagonera. Ikapendekera mkati mwa phiri, khoma limakhala ndi pogwira. Ikapendekera kudzenje, thanthwe lapamwamba likhoza kutsetsereka lonse ngati mbale zosanjikiza pa thebulo lopendekeka, makamaka ngati pakati pake pali dongo. Pomwe ming'alu iwiri yakumana nkupanga mphanda pamathothoka chimwala chonse. Pomwe yaimirira ngati zipilala, miyala imagwa chafufumimba.

Madzi ndiwo amamalizitsa kugumula khomalo. Akadzaza mumng'alu amakankha thanthwe kuchokera mkati, nkufewetsanso dongo lija. Kumbani ngalande kumtunda kuti madzi a mvula asatsikire m'ming'alu. Ndipo ngati pakhoma pamene pankatuluka madzi pauma mwadzidzidzi mvula ikugwabe, musasangalale: mwina njira yatsekeka, madzi akuunjikana mkati. Mvula yamphamvu ikagwa, kapena mukangophulitsa miyala, yenderaninso khoma lonse ndipo miyala yolendewera igwetsedwe pansi palibe munthu.

Chizolowezi choipitsitsa ndi kukumba kunsi kwa khoma chifukwa choti mwala wabwino uli pomwepo. Ku Elm, m'dziko la Switzerland, okumba mwala wa sileti anafukula kunsi kwa phiri kwa zaka zambiri. Ming'alu inaoneka pamwamba, miyala inkagwa, koma anthu sanasamuke. Pa 11 September 1881 phirilo linagumuka nkupha anthu oposa 100. Yerekezani ndi mgodi wa kopa wa Bingham Canyon ku Utah, m'dziko la America. Mu April 2013 kunagumuka khoma lalikulu zedi, koma palibe anafa, chifukwa makina oyezera anali ataonetsa kuti khomalo likusuntha mofulumira ndipo anthu anachotsedwa nthawi ilipo. Kwale yaying'ono singagule makina otero, komabe zikhomo ndi tepi zimagwira ntchito pa mfundo yomweyo.

Kumbani motsika masitepe, kuyambira pamwamba, ndipo sitepe iliyonse ikhale yotakata kuti izitchinga miyala yogwa. Dothi lapamwamba lichotsedwe kaye, mulu wake uikidwe kutali ndi m'mphepete chifukwa kulemera kwake kumapanikiza khoma. Khoma likakhala lalitali kuposa pomwe makina anu angafike, kapena mizere yake ikukukayikitsani, imitsani ntchito pamalopo nkuitana katswiri wa za miyala adzaliyeze.