Mmene mungatsatire mkangano wa osewera a NHL ndi eni matimu osatengeka ndi phokoso

Ngati mwangoyamba kumene kukonda hockey ya NHL, ligi yayikulu ya hockey ya pa ayezi ku America ndi Canada, mwina simunaonepo sizoni itaima chifukwa osewera ndi eni matimu akanika kumvana pa ndalama, koma ife amene tinadikira miyezi yathunthu mu 2012 tikukumbukirabe mmene zinkawawira. Kuyambira 1992 zachitika kanayi, ndipo katatu mwa kanayiko zachitika Gary Bettman ali kale pampando wa commissioner, mkulu wa ligi yonse, umene anaukhala mu February 1993 atachoka ku ligi ya basketball ya NBA. Nthawi ngati zimenezi mbali iliyonse imayankhula zoti anthu aimvere chisoni, ndiye ndati ndikuonetseni poyang'ana penipeni kuti muzitha kuona nokha ngati akuyandikira kugwirizana kapena akungotaya nthawi.

Yambani ndi kufunsa kuti watseka chitseko ndani. Anthu ambiri amangoti osewera anyanyala, pamene nthawi zambiri sizikhala choncho. Sitalaka ndi pamene osewera akana okha kulowa mu bwalo, lockout ndi pamene eni matimu awatsekera panja, osalowa mu bwalo la timu, osapanga training ndi makochi, malipiro ayi. Sitalaka yeniyeni mu NHL inachitika kamodzi kokha, pa 1 April 1992, bungwe la osewera la NHLPA likutsogoleredwa ndi Bob Goodenow, ndipo inangotenga masiku 10. Chifukwa chake inatha msanga nchosavuta, osewera anali atalandira kale pafupifupi malipiro onse a chaka, pamene eni matimu amayembekeza ndalama zambiri za ma playoff, magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni, amene anali pakhomo. Mabwanawo anatolapo phunziro, kuchokera pamenepo akhala akutseka okha chitseko sizoni isanayambe, nthawi imene osewera sanalandire kalikonse. Nchifukwa chake za 1994, 2004 ndi 2012 zonse zinali lockout.

Kenako pezani tsiku lothera mgwirizano waukulu wa pakati pa ligi ndi osewera umene amautcha CBA. Mu 2004 ndi mu 2012 unatha pa 15 September ndipo zitseko zinatsekedwa nthawi yomweyo. Koma musathamangire kudandaula mu September, nthawi imeneyo palibe amene akumva kuwawa kwenikweni, osewera amayamba kulandira malipiro sizoni ikayamba mu October. Mudzawaona atabwereka bwalo la ayezi ndi ndalama zawo, akuseweretsana okhaokha atavala majezi olembedwa NHLPA mmalo mwa chizindikiro cha timu, akuseka bwinobwino. Nkhope zimayamba kusintha malipiro achiwiri, achitatu akadutsa osalowa ku banki, makamaka kwa anyamata a mzere wachinayi, osewera wamba amene amalowa pa ayezi nthawi yochepa, amene mwina ali ndi zaka zitatu kapena zinayi zokha zoti asewere mu ligi, kwa iwowo chaka chimodzi chotayika sichibweranso.

Tsopano pa ndalama, apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa. Pali mphika umodzi umene amautcha hockey-related revenue, mwachidule HRR, mmene mumalowa ndalama za matikiti, za TV, za makampani otsatsa malonda, za majezi ndi zina zotero. Mkangano umakhala pawiri, choyamba mu mphikamo mulowe chani, chachiwiri agawane bwanji. Anthu ambiri amangomva za kagawidwe nkuiwala funso loyambalo, chonsecho ndi lolemera zedi. Mwachitsanzo ndalama zimene timu yatsopano imalipira polowa mu ligi sizilowa mu mphikawu, ndiye madola 500 miliyoni a Vegas ndi madola 650 miliyoni a Seattle anagawana eni matimu okhaokha. Mukamva mbali ina ikuti tapereka maperesenti akutiakuti, dzifunseni kaye kuti maperesenti a mphika uti, chifukwa mu 2012 ligi poyamba inabwera ndi nambala yotsika kwambiri uku ikufunanso kusintha kawerengedwe ka mphikawo.

Mukadziwa kukula kwa mphika tengani cholembera muwerengere nokha. Sizoni ya 2011-12 ligi inapeza madola pafupifupi 3.3 biliyoni ndipo osewera ankatenga 57 peresenti. Peresenti imodzi yokha pamenepo ndi madola 33 miliyoni. Pomaliza anagwirizana zogawana pakati ndi pakati, 50 kwa 50, kutanthauza kuti osewera anataya maperesenti 7, ndalama zoposa madola 230 miliyoni chaka chilichonse. Mukawerengera chonchi simudabwanso kuti anthu akuluakulu angakhale miyezi inayi akukokana pa nambala yooneka yaing'ono. Eni matimu anavomera kuikapo madola 300 miliyoni oti athandizire kulipira makontrakiti amene anali atasainidwa kale, ndipo nkhani imeneyo yokha inadya masabata ambiri.

Salary cap ndi mwana wa kagawidwe komweko, ndi malire a ndalama zimene timu imodzi ingawononge pa malipiro a osewera. Koma mawu amene muyenera kuwamvetsa bwino ndi escrow, chifukwa ndi amene amawawa osewera mumtima kuposa china chilichonse. Tiyerekeze wosewera wasaina kontrakiti ya madola 1 miliyoni pachaka ndipo escrow ili pa 20 peresenti, ngati mmene inalili sizoni ya 2020-21 nthawi ya Covid-19. Pa malipiro aliwonse amamudula gawo limenelo nkulisunga pambali, pakutha pa chaka madola 200,000 sanawaone. Akawerengera ndalama zonse za ligi nkupeza kuti osewera onse pamodzi alandira zopitirira theka la mphika, ndalama zosungidwazo zimapita kwa eni matimu, iye amangobwezeredwa zotsala ngati zilipo. Ndiye munthu uli ndi pepala losainidwa loti udzalandira zakuti koma mthumba mukulowa zochepa, ndipo apa msonkho ndi agent sanatengepo zawo. Mukamva osewera akutchula escrow pafupipafupi dziwani kuti zokambirana zikubwerazo sizikhala zophweka.

China chimene ine ndimachiona chothandiza kwambiri ndi kalendala, iwalani zimene akunena pa maikolofoni, yang'anani mwezi. Lockout ya 1994-95 inatha pa 11 January, timu iliyonse inasewera magemu 48. Ya 2012-13 anamvana mbandakucha wa pa 6 January, sizoni inayamba pa 19 January, magemu 48 omwewo. Apa mukuona kuti chapakati pa January ndi pamene pali malire enieni oti nkupulumutsa sizoni yooneka ngati sizoni. Magemu a October akafufutidwa musataye mtima, ngakhale Winter Classic, gemu yotchuka ya panja ya pa chaka chatsopano, itachotsedwa ngati mmene anachotsera ya Detroit ndi Toronto imene imayenera kuchitikira ku Michigan Stadium. Koma January akatha opanda kanthu konzekani zoipa.

Zoipazo zinachitikadi pa 16 February 2005 pamene Bettman analengeza kuti sizoni yonse yafa, magemu 1,230 onse, ndipo Stanley Cup, chikho cha akatswiri a ligi, sinaperekedwe koyamba chichokereni 1919 pamene mliri wa chimfine unaimitsa mafainolo. Nkhani ya chaka chimenecho muiphunzire bwino chifukwa imaonetsa mmene kuchedwa kumadulira. Ligi inkati matimu akuluza ndalama, ndipo lipoti la Arthur Levitt, amene ligi inamulemba kuti aunike mabuku a matimu, linati anataya madola 273 miliyoni mu sizoni ya 2002-03, osewera sanazikhulupirire nambalazo. Goodenow anakanitsitsa salary cap, mu December 2004 osewera anachita kudzipereka okha kuti awadule malipiro ndi 24 peresenti bola cap isabwere. Masiku omaliza a mu February anagonja nkuvomera cap, iwo ankati ikhale madola 49 miliyoni, ligi inkati 42.5 miliyoni, osakumana. Pofika July 2005 anasainira cap ya madola 39 miliyoni, kudulidwa kwa 24 peresenti kuja kunakhalabe, malipiro a chaka chonse atapita, Goodenow nkutula pansi udindo. Zimandipweteka mpaka pano ndikaganiza za osewera achikulire amene sanabwererenso pa ayezi ya NHL itatha lockout imeneyo.

Komabe musafulumire kunena kuti wapambana ndi uyu tsiku losainira. Mu 2005 aliyense ankati osewera agwetsedwa, koma poti cap inamangiriridwa ku ndalama za ligi, ligi itayamba kupeza zambiri cap inakwera mpaka madola 64.3 miliyoni pofika 2011-12, ndipo amene anabweranso kudzadandaula za mgwirizano umenewo anali eni matimu omwe anaufuna aja.

Muziyang'ananso mkati mwa mbali iliyonse, chifukwa eni matimu sali chimodzimodzi. Toronto, Montreal ndi New York Rangers amataya ndalama zambiri gemu iliyonse ikafufutidwa, pamene timu imene imaluza kale ndalama ikamasewera siona changu chobwerera. Vuto ndi loti simuwamva akutsutsana poyera, ligi imawaletsa kuyankhula, mu 2012 Detroit inalipitsidwa madola 250,000 mkulu wake Jim Devellano atayerekeza osewera ndi ng'ombe za pa famu ya eni matimu. Ndiye mmalo momvera pakamwa pawo onani zimene manja awo akusaina. Mu July 2012 Minnesota inapatsa Zach Parise ndi Ryan Suter makontrakiti a zaka 13, aliyense madola 98 miliyoni, patangotha miyezi iwiri ligi nkutseka zitseko ikunena kuti malipiro akwera mopyola. Kwa ine apa ndi pamene osewera anali ndi mfundo yomveka, malamulo ambiri amene ligi imafuna ndi oteteza eni matimu kwa eni matimu anzawo. New Jersey inayesapo kupatsa Ilya Kovalchuk zaka 17 mu 2010 kuti ndalama zowerengedwa pa cap chaka chilichonse zioneke zochepa, ligi inakana, ndipo mgwirizano wa 2013 unadzaika malire a zaka 7, kapena 8 ngati ukusainanso ndi timu yako yomwe.

Ku mbali ya osewera onani amene akwera ndege. Alex Ovechkin anapita ku Dynamo Moscow, Evgeni Malkin ku Metallurg Magnitogorsk, Joe Thornton ndi Rick Nash ku Davos ku Switzerland. Akatswiri otere ali ndi kolowera, ena amakhalanso atasaina mochenjera kuti gawo lalikulu la ndalama zawo libwere ngati signing bonus imene imalipidwa ngakhale kuli lockout. Koma voti mu NHLPA ndi ya wosewera aliyense, ndipo ambiri mwa anthu oposa 700 amenewo alibe timu ya ku Europe yowafuna. Onjezeraninso anthu amene sakhala nawo nkomwe patebulo, ogulitsa matikiti, okonza ayezi, operekera zakudya mu bwalo, amene amalipidwa gemu ikachitika basi.

Nanga mungadziwe bwanji kuti zayandikira kutha? Ine ndimaona kuti akamayankhula kwambiri kwa atolankhani ndiye kuti zili kutali. Kumayambiriro kwa December 2012 Donald Fehr wa NHLPA anauza atolankhani kuti atsala pang'ono kumvana, usiku womwewo Bettman anatulukira atakwiya nkukana zonse. Zinayamba kuyenda pamene mkhalapakati wa boma la America, Scot Beckenbaugh, ankayenda pakati pa mbali ziwirizo mwakachetechete, kenako anawakhazika pamodzi maola pafupifupi 16 mpaka anamvana. Mukamvanso zoti osewera avota kuti bungwe lawo lisiye kuwaimira musaganize kuti agawikana, imeneyo ndi njira ya maloya yoti athe kukasumira ligi ku khoti pa malamulo oletsa makampani kupangana, ndipo mu 2012 anangoopseza nayo osaigwiritsa ntchito.

Pakadali pano kuli bata. Mu July 2020 anawonjezera mgwirizano popanda kutaya gemu chifukwa cha mkangano, cap inaima pa madola 81.5 miliyoni kwa kanthawi, kenako inkangokwera pang'ono mpaka osewera atabweza zimene anatsala nazo kwa eni matimu nthawi ya mliri. Mu 2025 Bettman ndi Marty Walsh, amene anali nduna ya zantchito ku America asanayambe kutsogolera NHLPA mu 2023, anamvana kudakali chaka chathunthu mgwirizano wakale usanathe. Watsopanowu ukuyamba mu 2026 mpaka September 2030, sizoni ikhala ya magemu 84 ndipo makontrakiti afupikitsidwanso ndi chaka chimodzi. Chathandiza kwambiri ndi choti mphika ukukula, cap ya 2025-26 ndi madola 95.5 miliyoni ndipo analengezeratu kuti ikwera kufika 104 kenako 113.5 miliyoni. Ndiye lembani September 2030 penapake, ndipo kukadzatsala zaka ziwiri kuti nthawiyi ikwane muzidzayang'ana ngati cap ikukwerabe, ngati escrow yayambanso kudya malipiro, komanso ngati ma agent ayamba kukankhira ndalama zambiri za 2030-31 ku signing bonus pa makontrakiti atsopano.